Maboti a liwiro: mtunda wautali kapena maraundi a pafupi ndi gombe?

Woyang'anira gulu, Chitakale: Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya maboti a liwiro imene inayambira pansi pa vidiyo ya mpikisano wa maboti wa ku Key West, mzinda wa ku America, yayamba kusakanikirana ndi za mpira, ndiye ndaisamutsira pano. Funso ndi ili: mpikisano wozungulira maboya pafupi ndi gombe kwa mphindi 30 kapena 40, tingautchebe wa pakati pa nyanja? Nanga mtunda woyenera ndi wotani? Chonde bwerani ndi manambala, tisangokokana.

Malume a ku Muloza: Ndiyambe ine chifukwa nkhaniyi imandiwawa. Masewerawa anabadwira pa mtunda wautali. Mpikisano wochokera ku Miami ku America kupita ku Nassau ku Bahamas unayamba mu 1956, makilomita pafupifupi 296, ndipo panjira pali madzi othamanga a Gulf Stream amene amakankhira boti kumpoto. Mu 1960 boti la Dick Bertram lotchedwa Moppie linapambana pa maola pafupifupi 8 nyanja itakwiya. Werengani nokha, ndi makilomita 37 okha pa ola. Koma boti lomwelo ndi limene linasintha kapangidwe ka maboti a liwiro, chifukwa Ray Hunt analijambula ndi mimba yosongoka ngati V, madigiri 24 mpaka kumbuyo, kuti lizicheka funde m'malo moliwomba. Ku England, Sir Max Aitken anayambitsa wa Cowes kupita ku Torquay mu 1961. Kupita ndi kubwerera ndi mamailosi a panyanja pafupifupi 190, ndiye makilomita 350, kuposa Blantyre mpaka Lilongwe. Palinso wozungulira Britain yense umene unachitika mu 1969, 1984 ndi 2008, wa masiku angapo. Mipikisano imeneyi inkayesa boti, injini, munthu ndi nzeru za njira zonse pamodzi. Ya lero ikuyesa liwiro ndi kukhota basi.

Mayi a ku Limbuli: Amalume, mbiri mwaifotokoza bwino, koma mwasiya funso la amene amalipira. Boti likachoka pagombe n'kubwerera patatha maola 4, munthu amene wabwera kudzaonera waona chiyani? Waona kunyamuka ndi kufika. Kampani imene yalemba dzina lake pambali pa boti yaonekera mphindi ziwiri. Boma la mzinda limene latseka doko tsiku lonse lapindula chiyani? N'chifukwa chake okonza anakokera njira kufupi ndi mtunda. Ku Key West maboti amalowa mpaka m'doko n'kukhota anthu akuona pafupi, ndipo amabwereranso pakangopita mphindi zochepa. Mahotela amadzaza sabata yonse ya mu Novembala. Popanda zimenezi masewerawa akanatsala a anthu olemera ochepa okha, ongopikisana kumene palibe wowaona.

Aphunzitsi a sayansi, Luchenza: Tisanapitirire, tigwirizane pa miyeso chifukwa ambiri amasokonezeka apa. Mailo ya pamtunda ndi mamita 1,609. Mailo ya panyanja ndi mamita 1,852. Aku America amakonda kulemba liwiro mu mamailosi a pamtunda, pamene malamulo a UIM, bungwe la dziko lonse limene lili ku Monaco, amayeza njira ndi mamailosi a panyanja. Ndiye mukaona 100 onani kaye kuti ndi 100 ya chiyani, chifukwa ina ndi makilomita 161, ina 185.

Tsopano za Class 1, gulu la maboti aakulu kwambiri. Kwa zaka zambiri mpikisano wake unali wa mamailosi a panyanja 55 mpaka 75, ndiye makilomita 100 mpaka 140, pa raundi ya mamailosi pafupifupi 5, ndiye makilomita 9 ndi pang'ono. Boti loyenda makilomita 185 pa ola limamaliza raundi yotere pa mphindi 3.

Mayi a ku Limbuli akunena zoona pa nkhani ya maso, ndipo ili ndi masamu ake. Dziko ndi lobulungira, ndiye pamadzi pali malire a pamene diso limafika. Tengani msinkhu wa diso lanu kuchokera pamadzi mu mamita, pezani square root yake, chulukitsani ndi 3.57, yankho ndi makilomita. Munthu woima pamchenga diso lili mamita 2 pamwamba pa madzi amaona makilomita 5. Wokhala pamwamba pa nyumba ya mamita 10 amaona makilomita 11. Boti la mpikisano ndi lalifupi msinkhu, ndiye likadutsa makilomita 5 kapena 6 wa pagombe amangoona nthunzi ya madzi kumbuyo kwake. N'chifukwa chake raundi yoti woonera aione iyenera kukhala yaifupi.

Malume a ku Muloza: Aphunzitsi, masamu anuwo akutsimikiza dandaulo langa. Njira ikujambulidwa potengera diso la woonera, osati nyanja. Ndikupatseni chitsanzo cha zimene zinatayika. Pa njira ya ku Torquay pali Lyme Bay, pamene nyanja imalowa kwambiri kumtunda. Ukadutsa nsonga ya mtunda yotchedwa Portland Bill uli ndi chisankho: kudula molunjika pakati pa madzi, kapena kutsata gombe, njira yotalikirapo koma yobisika ku mphepo. Mu 1968 nyanja inali yoipa. Tommy Sopwith ndi boti laling'ono la injini imodzi lotchedwa Telstar anatsata gombe, boti lamphamvu la Surfury linadula pakati n'kumamenyana ndi mafunde, ndipo Telstar ndi limene linapambana. Chisankho chotere pa raundi ya makilomita 9 chilipo? Kulibe. Onse amadutsa mzere umodzi.

Kale m'boti munkakhala anthu atatu: wa chiwongolero, wopatsa moto, ndi wowerenga njira atagwira kampasi ndi wotchi. Pa mamailosi a panyanja 60 pa ola, mailo imodzi imatha pa mphindi imodzi, ndiye iye ankawerenga mphindi n'kudziwa pamene ali. Kulakwitsa digiri imodzi pa makilomita 60 kumakusocheretsa kilomita imodzi, madigiri 5 ndi makilomita 5, boya lokhoterapo osalionanso. Mpando wachitatu umenewu unachoka m'maboti a maraundi. Ifeyo a kuno timadziwa kusiyana kwa wothamanga wa pa bwalo ndi wa Porters Race amene amanyamuka pa Likhubula kukwera phiri. Onse ndi othamanga, koma simungachotse phiri n'kusunga dzina.

Makaniko wa pa Bvumbwe: Achikulire, ndiloleni ndilowe ndi mbali ya mafuta chifukwa ndi pamene mtunda umalamulira boti lonse. Pa injini ya petulo yotsegulidwa moto wonse, chiwerengero chongoyambira ndi ichi: mahatchi 10 aliwonse amamwa malita pafupifupi 3.8 pa ola. Injini ya mahatchi 200 ndiye malita 75 pa ola. Ziwiri, malita 150. Lita imodzi ya petulo imalemera makilogalamu 0.74.

Tengani boti la mainjini awiri otere. Mpikisano wa makilomita 90 pa liwiro la 90 ndi ola limodzi, malita 150. Onjezani magawo 30 pa 100 chifukwa cha kuzungulira podikira kunyamuka, mafunde ndi kubwerera kudoko, mufika malita 200, makilogalamu 148. Boti lomwelo pa makilomita 350, tinene liwiro la pakati ndi 80, ndi maola 4 ndi theka pafupifupi. Malita 650, ndi osungira 800 kapena kuposa. Ndi makilogalamu 600 amenewo. Boti lonyamuka ndi makilogalamu 600 a mafuta n'kufika ndi 100 ndi maboti awiri osiyana pa ulendo umodzi. Ponyamuka ndi lolemera, limakhala pansi bwino koma limachedwa kukwera pamwamba pa madzi. Kumapeto ndi lopepuka, mphuno imauluka.

Ndiye pa mtunda wautali pamafunika izi. Mathanki akhale pafupi ndi pakati pa kulemera kwa boti kuti mafuta akamatha boti lisapendekere kutsogolo kapena kumbuyo. M'thanki mukhale zipupa zogawa kapena siponji yake ija, apo ayi mafuta amakhavukira mbali imodzi pokhota, paipi imayamwa mpweya, injini imasowa mafuta ili pa moto wonse, pisitoni n'kupsa. Kutsogolo kukhale thanki ya madzi imene mumadzaza mukakumana ndi mafunde a kumaso, n'kuitaya mphepo ikakhala kumbuyo. Sefa yolekanitsa madzi ndi mafuta ikhale ya ma micron 10, ndipo zikhale ziwiri zokhala ndi kampopi kosinthira, chifukwa kugwedezeka kwa maola 4 kumadzutsa zinyalala zonse za pansi pa thanki.

Class 1 ya lero ili ndi mainjini awiri a Mercury Racing a mahatchi 1,100 iliyonse. Ndi chiwerengero chomwe chija ndi malita 800 pa ola. Kuwatumiza makilomita 350 ndiye kuti mukufuna mafuta oposa tani imodzi m'boti lolemera matani 5. Silinapangidwire zimenezo.

Mphwanga wa ku Nkando: Achimwene a pa Bvumbwe, nanga pulopela imasinthanso malinga ndi kutalika kwa njira? Ndimaona magulu akubwera ndi mabokosi a mapulopela ambiri.

Makaniko wa pa Bvumbwe: Imasintha kwambiri mphwanga. Liwiro limawerengedwa chonchi: pitch ya pulopela (mtunda umene ikanapita kutsogolo ikazungulira kamodzi) mu mainchesi, kuchulukitsa ndi rpm ya injini (kuzungulira kwake pa mphindi), kugawa ndi giya, kugawanso ndi 1,056, kenako kuchotsa kuterereka kwa pulopela m'madzi. Mwachitsanzo pitch 26, rpm 5,800, giya 1.75, zimapereka mamailosi 81.6 pa ola. Chotsani magawo 10 pa 100 a kuterereka, mutsala ndi 73, ndiye makilomita 118 pa ola. Inchesi imodzi ya pitch imasintha rpm ndi 150 mpaka 200.

Pa raundi yaifupi boti silikhala nthawi yaitali pa liwiro lake lomaliza. Limatuluka pa boya lili pa makilomita 70 pa ola, likufunika kufika 115 mwachangu, posakhalitsa boya lina lafika. Apa mumatsitsa pitch ndi inchesi imodzi kapena ziwiri kuti lizidzuka msanga, n'kulola injini igunde malire a rpm kumapeto kwa mzere wowongoka. Pa njira yaitali ya madzi abata mumakweza pitch. Koma chenjerani, njira yaitali ya mafunde imafunanso pitch yaing'ono, chifukwa boti limangouluka n'kutera, ndipo nthawi iliyonse likatera injini iyenera kunyamulanso katundu. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuyesa pulopela thanki ili theka m'mawa kuli bata, n'kusankha yaikulu. Tsiku la mpikisano thanki yadzaza, injini ikulephera kufika rpm yake, ikutentha, ikugogoda. Yesani ndi mafuta odzaza ndi anthu onse m'boti.

Ndionjezere za zimene zimathyoka. Pa maraundi zimafa ndi magiya, mashafuti ndi chiwongolero, chifukwa cha kutsegula ndi kutseka moto kosalekeza ndi kukhota. Pa mtunda wautali zimafa ndi tinthu ting'onoting'ono: waya wa batire wakhwepa, kalampu ya paipi ya madzi yadula paipi, lamba wa alitaneta waduka, pulasitiki yatseka polowera madzi oziziritsa injini, bawuti ya mpando wa injini yamasuka. N'chifukwa chake paipi iliyonse imamangidwa ndi makalampu awiri, mawaya amamangidwa pa masentimita 15 kapena 20 aliwonse, ndipo mabawuti amapakidwa kamzere ka penti kuti ukayang'ana udziwe ngati asuntha.

Anamwino a ku Thyolo: Abambo nonse mwalankhula za makina, ine ndilankhule za munthu amene ali m'botimo. Boti la denga lotseka likagubuduka, anthu amakhala mozondoka, atamangidwa malamba, madzi akulowa. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka osabwereranso. Ali ndi botolo la mpweya m'botimo, ndipo amaphunzitsidwa kutuluka pa kachitseko ka pansi pa boti, koma munthu wokomoka kapena wothyoka msana sangadzitulutse. Ndiye opulumutsa afike pasanathe mphindi 2 kapena 3.

Tiwerenge. Boti lopulumutsa loyenda makilomita 55 pa ola limatha mamita 900 pa mphindi. Pa mphindi 2, kuphatikizapo kudzuka, ndi kilomita imodzi ndi theka. Raundi ya makilomita 9 yojambulidwa ngati mizere iwiri ya makilomita 4 yoyandikana, opulumutsa atakhala pakati amatumikira mbali zonse ziwiri. Maboti awiri kapena atatu pakati, limodzi pokhotera paliponse, onse pamodzi 5, kuphatikiza helikopita yonyamula odziwa kumira. Tsopano tambasulani njira ikhale mzere umodzi wa makilomita 100. Boti lililonse likutumikira makilomita 3, ndiye mukufuna maboti oposa 30, lililonse ndi womira wake ndi wachipatala wake. Palibe wokonza mpikisano amene angakwanitse. Amalume, ichi ndi chifukwa chimene sindingagwirizane nanu pa maboti othamanga makilomita 250 pa ola.

Malume a ku Muloza: Anamwino, ndakumvani, ndipo moyo wa munthu sitingaupikisanitse ndi chilichonse. Koma onani kumene ngozi zikuchitikira. Stefano Casiraghi anamwalira pa 3 Okutobala 1990 pafupi ndi Monaco akuteteza ukatswiri wake wa dziko lonse, ndipo imfa yake inafulumizitsa nkhani ya madenga otseka. Zitatero njira zinafupika, madenga anabwera, koma mu Novembala 2011 ku Key West anthu atatu anamwalira pa sabata imodzi, pa njira yaifupi, opulumutsa ali pomwepo. Madzi abata a pafupi ndi gombe ndi amene amalola liwiro lowopsa. Nyanja yeniyeni imakukakamiza kubweza moto. Kufupikitsa njira kunachotsa ngozi ina n'kubweretsa ina.

Aphunzitsi a sayansi, Luchenza: Apa amalume agwira mfundo yolemera. Mphamvu ya kugunda imakwera ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Kuchoka pa 100 kufika pa 200, mphamvu yakwera kanayi. Pa makilomita 200 pa ola boti limadutsa mamita 55 pa sekondi imodzi.

Palinso kapangidwe. Boti la mimba ziwiri lili ndi mpata pakati umene umatsekera mpweya n'kulinyamula, ndiye gawo laling'ono lokha limakhudza madzi. Pa bata limaposa la V kutali. Koma mphuno ikangokwera pang'ono mopitirira, kaya ndi mphepo ya kumaso kapena funde la boti lina, mpweya umalitembenuza chagada. Njira zitafupika n'kubwera pa madzi otetezeka, maboti a mimba ziwiri analanda magulu apamwamba. Mu mipikisano ya mtunda wautali ngati wa Cowes, a V ndi amene akulamulabe.

Ndipo werengani kukhota. Makilomita 100 pa raundi ya makilomita 9 ndi maraundi 11. Maboya okhoterapo akakhala 4, ndi kukhota ka 44. Fupikitsani raundi ikhale makilomita 5, ndi maraundi 20, kukhota ka 80. Pokhota ndi pamene mbali ya boti imagwira madzi mwadzidzidzi, kumbuyo n'kutaya, boti n'kuzungulira kapena kugubuduka. Komanso raundi ikafupika, otsogola amapeza otsalira msanga, ndipo madzi sapeza nthawi yokhazikika, aliyense amayenda m'mafunde a mnzake ochokera mbali zonse. Ndiye kufupikitsa kuli ndi malire ake. Kwa maboti aakulu, ine raundi yochepera makilomita 8 sindingaivomereze.

Anamwino a ku Thyolo: Zoona aphunzitsi. Koma mtunda wautali nawo uli ndi mdani wake, kutopa. Kugunda kwa maola 4 kumapweteka msana, mawondo ndi khosi, chipewa cholemera chija chimakoka mutu nthawi iliyonse boti likatera. Munthu amataya madzi ambiri m'thupi chifukwa cha thukuta, maso amayamba kuchedwa. Wopatsa moto ntchito yake ndi kubweza moto pulopela ikatuluka m'madzi ndi kuubwezeretsa ikangolowanso, kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Akachedwa pang'ono chabe injini imalira mopitirira kapena shafuti imathyoka potera. Fabio Buzzi, katswiri amene anapambana wozungulira Britain mu 1984, anamwalira mu Seputembala 2019 boti lake litagunda mpanda wa miyala polowera ku Venice usiku, kumapeto kwenikweni kwa ulendo wochokera ku Monte Carlo. Makilomita omaliza a ulendo wautali ndi owopsa kuposa oyamba. Chifukwa chake gawo limodzi lisamapitirire maola 3 kapena 4, ndipo kufika kuzikhala dzuwa lisanalowe.

Mayi a ku Limbuli: Ndiye bwanji osaphatikiza? Class 1 inali ndi lamulo la raundi yaitali: boti lililonse liyenera kudutsa kamodzi kapena kawiri pa boya lakutali, koma limasankha lokha nthawi yake. Ukatsekeredwa kumbuyo kwa boti lochedwa, umatenga raundi yaitali pomwepo n'kupeza madzi oyera. Ukakhala patsogolo umaisunga. Woonera akuonabe, ndipo nzeru zimene amalume akulira zabwererako pang'ono.

Malume a ku Muloza: Pang'ono ndithu, mayi. Koma ndilandira. Chimene ndikupempha n'chakuti pa mipikisano ya chaka chonse pakhale umodzi kapena iwiri ya mtunda weniweni, makilomita 200 kupita m'tsogolo, ndipo mapointi ake akhale ochuluka. Akatero opanga maboti adzakakamizika kumanga boti lokwanitsa zonse ziwiri, ndipo liwiro lidzatsika lokha chifukwa cha kulemera. Pa mipikisano yotere chitetezo chimakhala m'boti momwemo: kabwato kopopa kopulumukiramo, chida cholira pa 406 MHz chimene chimauza setilaiti pamene muli, wailesi ya VHF pa tchanelo 16, miyuni yowombera m'mwamba, nangula ndi chingwe, ndi kachida kosonyeza okonza pamene boti lili nthawi zonse. Ndipo lamulo lakale lija lisasinthe: ukaona mnzako wachita ngozi umaima, mpikisano umabwera pambuyo.

Mphwanga wa ku Nkando: Nanga zitati zichitike pa nyanja yathu ya Malawi, njira ingakhale yotani? Mpikisano wa maboti a matanga umayenda kale kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto kwa masiku angapo.

Aphunzitsi a sayansi, Luchenza: Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560, m'lifupi mpaka 75, ndiye malo alipo. Kukula kwa funde kumadalira zinthu zitatu: mphamvu ya mphepo, nthawi imene yawomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo. Mwera umawomba kuchokera kummwera motsata utali wa nyanja, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiye ukamapita kumpoto funde limakula. Sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu 145, tisaiwale mphamvu ya madzi amenewa. Mafunde a pa nyanja yathu ndi oyandikana ndi ochita phiri, mosiyana ndi a nyanja ya mchere amene amatalikirana. Boti lalifupi limatsika funde loyamba n'kulowetsa mphuno m'lachiwiri. Ndiye njira yopita kummwera nthawi ya mwera ndi yolanga kwambiri, ndipo wojambula njira akhale ndi ziwiri zokonzeratu, ya bata ndi ya mphepo, yachiwiri ikhale yaifupi ndi yobisika kuseri kwa mtunda. Chisankho chilengezedwe m'mawa pa msonkhano wa oyendetsa, chifukwa makaniko akufuna nthawi yosintha pulopela ndi kuchepetsa mafuta.

Makaniko wa pa Bvumbwe: Ndionjezere kuti nyanja yathu ili mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja ya mchere. Injini yopanda turbo imataya magawo 3 pa 100 a mphamvu pa mamita 300 aliwonse, ndiye apa ndi pafupifupi 5 pa 100, kukatentha kuposa pamenepo. Madzi opanda mchere nawonso ndi opepukirapo, boti limamira pang'ono. Pulopela imene inalembedwa m'buku kuti ndi yoyenera, kuno mwina muitsitse inchesi imodzi.

Kwa maboti amene tili nawo, a mahatchi 60 mpaka 200, ine ndingayambe ndi raundi ya makilomita 5 kapena 6, mpikisano wa mphindi 30 kuphatikiza raundi imodzi. Kuyeza ndi nthawi n'kwabwino kuposa kuyeza ndi mtunda maboti akakhala osiyana mphamvu, chifukwa onse amamaliza pamodzi ndipo aliyense amadziwa mafuta ofunika: wa mahatchi 200 ndi malita 45 kuphatikiza osungira, tinene 60. Ku America ali ndi magulu a malire a liwiro, boti lililonse limanyamula GPS, ukapitirira liwiro la gulu lako umalangidwa. Njira imeneyi ingatithandize chifukwa sifuna kumasula injini kuti muone ngati munthu waba.

Anamwino a ku Thyolo: Ndipo vuto lathu lalikulu silikhala mafunde ayi, likhala asodzi. Matchera amatchedwa pansi pa madzi, chooneka ndi kaboya kakang'ono kapena chigubu. Bwato la mtengo limakhala pafupi kwambiri ndi madzi. Pa makilomita 100 pa ola mukuyenda mamita 28 pa sekondi, bwato mukaliona pa mamita 150 muli ndi masekondi 5. Raundi ya makilomita 6 mungathe kuiyeretsa: kukambirana ndi mafumu ndi makomiti a m'madoko a asodzi masabata angapo zisanachitike, kutenga chilolezo ku Marine Department, kuyendera njira yonse ndi boti m'mawa, ndi kuika alonda m'malire. Njira ya makilomita 100 simungaiyeretse, ndipo si chilungamo kuuza msodzi wa usipa kuti asiye ntchito gombe lonse. Madzi a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear ndi otetezedwa, ndipo kufupi ndi kumene Shire amatulukira kuli mvuu ndi namasupuni. Malo amenewo achotsedwe pa mapu a njira.

Malume a ku Muloza: Pa nyanja yathu ndikugonjera, maraundi ayambe. Koma gawo limodzi la raundi lilunjike pakati pa nyanja, makilomita 2 kapena 3 kuchoka kugombe, kuti boti likumane ndi funde kumaso, m'mbali ndi kumbuyo pa raundi iliyonse. Njira ya makona atatu imachita zimenezi bwino kuposa mizere iwiri yoyandikana.

Aphunzitsi a sayansi, Luchenza: Makona atatu ali bwino amalume, kungoti pakati pamakula, ndiye masamu a anamwino asintha. Mbali zitatu za makilomita 2 iliyonse, boti lopulumutsa lokhala pakatikati lili mamita pafupifupi 580 kuchokera pakati pa mbali iliyonse, ndi mamita 1,150 kuchokera pa kona iliyonse. Zikukwanira mu mphindi 2, koma pa kona iliyonse pakhalebe boti lake chifukwa ndi pamene ambiri amagubudukira. Kona yakuthwa ya madigiri 120 musaiike boya limodzi. Ikani awiri motalikirana mamita 100 mpaka 150 kuti kukhota kugawike pawiri. Boya loyamba pambuyo ponyamuka likhale kutali, kilomita imodzi ndi theka kapena kuposa, kuti maboti ayambe atayana asanafike popanikizana. Ndipo kona yakugombe isayang'anitse boti kwa anthu oonera, chifukwa chiwongolero chikaduka boti limapita molunjika.

Makaniko wa pa Bvumbwe: Za maboya omwewo. Chingwe cha nangula chikhale chotalika katatu kuya kwa madzi, apo ayi funde limanyamula nangula, boya n'kuyenda, njira n'kusintha mpikisano uli mkati. Koma chingwe chachitali chimayandama n'kukola pulopela, ndiye mangani cholemera cha makilogalamu 5 pa mamita 3 pansi pa boya kuti chingwe chiyambe chatsika molunjika. Nyanja yathu imazama msanga malo ena, mpaka mamita 700 kumpoto, ndiye boya lakutali limene amalume akufuna liikidwe pamene echo sounder, chida choyezera kuya kwa madzi, ikuonetsa mamita osapitirira 30 kapena 40. Kupitirira apo ndi chingwe cha mamita oposa 120 pa boya limodzi, ndipo boyalo limayendayenda malo aakulu mphepo ikasintha. Lembani malo a boya lililonse pa GPS madzulo, muyezenso m'mawa musanaitane maboti.

Woyang'anira gulu, Chitakale: Aphunzitsi, tajambulani makona atatu amenewo ndi miyeso yake muike chithunzi pano. Achimwene a pa Bvumbwe, tipatseninso masamu a mafuta a injini za mahatchi 40 ndi 60, chifukwa ndi zimene zili zambiri ku Mangochi ndi ku Salima.

Makaniko wa pa Bvumbwe: Ya 40 ndi malita 15 pa ola pa moto wonse, ya 60 ndi malita 23. Pa mphindi 35 ndi malita pafupifupi 9 ndi 13. Thanki ya malita 25 ija ikukwana zonse ziwiri, koma imangidwe ndi malamba awiri pansi pa boti, ndipo kabowo kopumira ka pa chitsekero katsegulidwe musananyamuke. Kakatsekeka thanki imafinyika ndipo injini imazima pa raundi yachiwiri. Ngati ndi two-stroke yosakaniza pamanja, oyilo akhale muyeso umene wopanga analemba, kawirikawiri gawo limodzi pa magawo 50 a petulo, ndiye theka la lita pa thanki ya malita 25.